Wokwera kapena wa masheya? Zolemba za ulendo pa njanji za Hong Kong ndi Singapore

Lolemba, Hong Kong Station

Kuchokera pabwalo la ndege kufika pakati pa mzinda, sitima ya Airport Express imatenga mphindi 24. Mukatsika n'kukwera masitepe oyenda okha simutulukira panja ayi, mumangopezeka muli mu IFC, chimsika cha masitolo odula chokhala ndi nsanja ziwiri za maofesi. Zonsezi zili pamalo a siteshoni, ndipo kampani yoyendetsa sitima, MTR Corporation, inalimo kuyambira pa pulani. Chomwe tabwerera n'choti tione ndi maso: kampani yofuna phindu ikapatsidwa njanji ya mzinda wonse, wokwera amapindula pati, nanga amaluza pati?

Njanji yoyamba inatsegulidwa mu Okutobala 1979, kuchokera ku Shek Kip Mei kukafika ku Kwun Tong. Nthawi imeneyo kampaniyi inali ya boma yonse, ngakhale lamulo loikhazikitsa linkafuna kuti iziyendetsedwa ngati bizinesi. Mu 2000 boma linagulitsako masheya, n'kutsala ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Mu Disembala 2007 MTR inatenganso njanji za KCR, kampani ina ya sitima ya boma, pa mgwirizano wa zaka 50. Lero mabwana ake amayankha mbali ziwiri: kwa eni masheya ofuna gawo lawo chaka chilichonse, ndi kwa anthu okwera maulendo pafupifupi 5 miliyoni pa tsiku la ntchito.

Kulipira n'kosavuta. Khadi la Octopus, lomwe linayamba mu 1997, mumaligunditsa pa geti polowa ndi potuluka, ndipo makina amadula ndalama molingana ndi mtunda. Kampani imanyadira kuti maulendo 99.9 pa 100 alionse amafika m'nthawi yake. Chiwerengerocho n'chabwino ndithu, koma sichikuuzani kuti mwadikira masitima angati pa pulatifomu musanapeze poponda.

Lachiwiri, Kowloon Bay ndi LOHAS Park

Ku Kowloon Bay kuli depoti yakale ya MTR. Njanji zimapatuka n'kulowa pansi pa chidenga cha konkire, ndipo pamwamba pa dengalo pali mudzi wathunthu wotchedwa Telford Gardens: nyumba zosanja 41, mabanja pafupifupi 5,000, masitolo, ndiponso likulu la kampani yomweyi. Pansi amakaniki akukonza mawilo, pamwamba ana akupita kusukulu. Apa ndiye pagona chuma cha MTR, ndipo kayendedwe kake n'kofunika kukamvetsa bwino.

Pafupifupi nthaka yonse ya Hong Kong ndi ya boma, ndipo limangoibwereketsa kwa zaka zoikika. Pakakhala ganizo la njanji yatsopano, akatswiri amawerengera ndalama zomangira ndi zoyendetsera kwa zaka makumi angapo, n'kuchotsapo zomwe matikiti adzabweretse. Nthawi zonse pamatsala mpata waukulu, chifukwa matikiti okha sabweza ndalama zokumbira njira za pansi pa nthaka. M'malo motulutsa ndalama, boma limapatsa MTR ufulu womanga pamwamba pa masiteshoni ndi madepoti, popanda kupikisana ndi wina. Malowo amalipiridwa, koma mtengo wake amauwerengera ngati kuti njanjiyo kulibe. Kenaka MTR imaitana makampani omanga nyumba kuti apikisane. Wopambana amasenza mtengo wa malo ndi womangira, ndipo MTR imatenga gawo lake m'njira zingapo: ndalama zoperekeratu, gawo la phindu nyumba zikagulitsidwa, kapena masitolo enieni oti izitolerapo lendi mpaka kalekale. Kusiyana kwa mtengo wa malo opanda siteshoni ndi mtengo wa malo omwewo siteshoni itafika, ndiko kumalipira njanji.

Kumanga pamwamba pa depoti si ntchito yoganizira pambuyo pake. Mizati iyenera kugwera pakati pa njanji pamene sitima sidzaikhula, denga likhale lochindikala moti n'kusenza nsanja zomwe mizati yake siyang'anizana ndi ya pansi, utsi ndi moto za mu depoti zikhale ndi potulukira pawokha, ndipo pansi pa njanji pamaikidwa labala kuti kunjenjemera kusakwere m'zipinda zogona. Mukaiwala chimodzi poyamba, kudzachikonza sitima zikuyenda kumadula kangapo. N'chifukwa chake zimathandiza kuti woyendetsa njanji ndi wokonza pulani ya nyumba akhale mmodzi. Ku LOHAS Park, komwe siteshoni inatsegulidwa mu 2009 pa depoti ya Tseung Kwan O, achitanso zomwezo koma mokulirapo: nyumba zoposa 20,000, ndipo munthu amachoka pakhomo pake kufika pa geti la siteshoni osanyowa ndi mvula.

Anthu akunja amakonda kunena kuti njanji ya Hong Kong sidya ndalama za boma. Kunena kotereku n'kosocheretsa. Boma likanagulitsa malo amenewa pa mpikisano siteshoni itamangidwa kale, likanapeza ndalama zochuluka. Zomwe lasiyazo ndi thandizo ndithu, kungoti laperekedwa ngati nthaka. Nthakayo ndi ya anthu onse, choncho wokwera ali ndi chonena pa phindu lotulukapo. Komanso walira mvula walira matope: njira imeneyi imayenda bwino nyumba zikamadula, ndipo kudula kwa nyumba ndi limodzi mwa mavuto osautsa kwambiri anthu a mumzinda uno. Msika wa nyumba ukagwa, omanga amachita mphwayi pa mpikisano, ndipo ndalama za njanji yotsatira zimakayikitsa.

Lachitatu, Admiralty, nthawi yoweruka

Pano pamakumana njanji zinayi: Tsuen Wan, Island, South Island, ndi East Rail yomwe inawoloka doko mu Meyi 2022. Cha m'ma 6 koloko madzulo sitima ya ku Island ikatsegula zitseko, chikhamu chimangodutsa pulatifomu kupita mbali inayo kukadikira ya ku Tsuen Wan. Antchito amaima pa zitseko atanyamula timabolodi, ndipo belu likalira amatambasula mkono kuletsa ofuna kudzikankhira. Mayi wina wonyamula zikwama ziwiri anaima mwakachetechete pamzere, sitima yoyamba inadzadza ali kutali, yachiwiri inatseka ali pakhomo penipeni, analowa yachitatu. M'kaundula wa kampani masitima onsewo anafika m'nthawi yake.

Ntchito ya antchito aja ili ndi masamu ake. Sitima ya mabogi 8, bogi lililonse zitseko zisanu mbali imodzi, imanyamula anthu pafupifupi 2,500 ikadzadza. Masitima akamatsatana pa masekondi 120, amadutsa 30 pa ola, kutanthauza anthu 75,000 mbali imodzi. Wina akatsekereza chitseko ndi chikwama n'kuchedwetsa sitima iliyonse ndi masekondi 10 okha, pa ola padutsa masitima 27 kapena 28, ndipo anthu 5,000 kapena kuposa atsala pa pulatifomu. Chiwerengero cha 2,500 chija nachonso chimayesa kuti anthu 6 aima pa sikweya mita imodzi. Masiku ano anthu safuna kuthinana chotero, ambiri ali ndi foni m'manja ndi chikwama kumsana, ndipo kuyambira 2014 boma limayezanso ndi anthu 4 pa sikweya mita. Atangosintha muyezo, njanji zina zomwe zinkaoneka kuti zili ndi malo zinapezeka zodzadza kale. Kwa wowerengera phindu, sitima yodzadza ndi yabwino koposa: magetsi omwewo, dalaivala yemweyo, matikiti ochuluka. Ndiye muyezo wa kuthinana suyenera kusiyidwa m'manja mwa kampani yokha.

Mtengo wa ulendo sugamulidwa ndi nyumba ya malamulo chaka ndi chaka. Kuyambira pa mgwirizano wa 2007 pali fomula: theka la kukwera kwa mitengo ya zinthu, kuphatikiza theka la kukwera kwa malipiro a antchito a zamtengatenga, kuchotsapo kachigawo koimira kuti kampani iyenera kumagwira ntchito mosawononga. Tiyerekeze kuti zinthu zakwera ndi 2 peresenti, malipiro ndi 4, ndipo kachigawo kochotsa ndi 0.6: tikiti ikwera ndi 2.4 peresenti. Zotsatira zikachepera 1.5 peresenti, kusinthako kumasungidwa mpaka chaka chinacho. Ubwino wake ndi woti andale sangapanikize mtengo pofuna kukondweretsa anthu mpaka njanji kusowa ndalama zokonzera. Kuipa kwake kunaonekera msanga: matikiti ankakwera m'zaka zomwe kampani inkalengeza phindu la mabiliyoni, poti fomula sinkaona ndalama za nyumba. Madandaulo atachuluka, mu 2013 anawonjezera malire oti tikiti isakwere kuposa mmene ndalama za banja lapakati zakwerera, ndiponso kuti gawo la phindu lizibwerera kwa okwera ngati kuchotsera. Mu 2023 anamangiriza kachigawo kochotsa kaja ku phindu la nyumba: likakula, tikiti imakwera pang'ono. Kusintha konseku kunabwera chifukwa anthu anakakamira.

Lachinayi, Kennedy Town ndi Tin Shui Wai

Kumadzulo kwa chilumba cha Hong Kong kuli midzi yakale yothithikana m'mbali mwa phiri. Anthu a kuno anadikira njanji zaka pafupifupi makumi atatu, chifukwa kunalibe malo opanda kanthu omangapo nsanja zolipirira ntchitoyo. Inafika ku Kennedy Town mu Disembala 2014 boma litapereka ndalama zenizeni, HK$12.7 biliyoni. Siteshoni ya HKU ili mamita pafupifupi 70 pansi, ndipo makomo ake ena alibe masitepe oyenda okha, mumangokwera zikepe zikuluzikulu zokakutulutsirani pamwamba pa phiri. Zoterezi zimadula kumanga ndi kusamalira, ndipo sizibweretsa lendi. Koma kwa nkhalamba yokhala kumtunda, chikepe chimenecho ndicho njanjiyo.

Yerekezani ndi South Island Line ya mu Disembala 2016, ya mabogi atatu yopanda dalaivala. Iyo inalipiridwa ndi nyumba za pamwamba pa depoti ya Wong Chuk Hang. Njanji imathamangira komwe kuli malo ogulitsika. Kwinako imadikira thumba la boma.

Masana tinapita ku Tin Shui Wai, tawuni ya kumpoto chakumadzulo yodzadza ndi nyumba za boma, kutali ndi maofesi a pakati pa mzinda. Kuno kumayenda Light Rail, timasitima ta bogi limodzi kapena awiri todutsa m'misewu, tomwe tinayamba mu 1988 ku Tuen Mun ndi Yuen Long. Palibe mageti: mumagunditsa khadi pa kamtengo ka pa pulatifomu, ndipo oyendera matikiti amatulukira mwadzidzidzi. Maulendo ndi aafupi, mtengo ndi wotsika, kasitima kalikonse kali ndi dalaivala wake. Ikanakhala kampani payokha ikanavutika, koma popanda iyo anthu sakanafika pa siteshoni yaikulu. Apa pakuoneka ubwino woti njanji zonse zili m'thumba limodzi, zolemera n'kumanyamula zosauka.

Thandizo lalikulu kwa osowa silichokera ku kampani. Dongosolo loti achikulire ndi anthu aulumali azilipira HK$2 pa ulendo linayamba mu 2012, ndipo boma ndilo limabwezera makampani ndalama zotsalazo. Ngakhale zitseko zagalasi za pa pulatifomu, zoteteza anthu kugwera mu njanji, okwera anasonkhako: kuyambira mu 2000 ulendo uliwonse wa Octopus unkadulidwa masenti 10 owonjezera kwa zaka zoposa khumi. Zimbudzi nazo, masiteshoni akale anamangidwa opanda za okwera, ndipo zinayamba kuwonjezeredwa patapita zaka zambiri, pomwe timasitolo ta makeke ndi mabanki tinalimo kale.

Lachisanu, Hung Hom

Sitima zimayenda maola pafupifupi 19 pa tsiku. Yomaliza ikalowa mu depoti, magetsi azimitsidwe, waya wa pamwamba alumikizidwe ku nthaka kuti asaphe munthu, antchito alowe ndi zida, ndipo atuluke nthawi ikadalipo yoyesa njanji isanafike yoyamba ya m'mawa. Ntchito yeniyeni imatsala ndi maola awiri okha. M'maola amenewo amayeza mpata wa pakati pa njanji, kufufuza ming'alu ya m'kati mwa chitsulo, kupala njanji yokumbika, kumanga mabawuti, kusintha waya wodyeka. Palibe wokwera amene amaona ntchito imeneyi, ndipo ikachepetsedwa chaka chino ndalama zosungidwa zimaoneka pompo, pomwe ngozi yake imadzatuluka patapita zaka. Apa ndi pomwe kampani iliyonse yofuna phindu imayesedwa.

Hung Hom yaona zambiri. M'mawa wa pa 17 Seputembala 2019 mabogi atatu a sitima ya East Rail anachoka mu njanji polowa siteshoni ino, anthu 8 n'kuvulala. Ofufuza anapeza kuti pa mphambano ya njanji mitanda yamatabwa yogonekapo njanji inali itafooka, misomali yake sinkagwiranso, ndipo sitima ikamadutsa njanji zinkakankhika mpaka mpata kukula kuposa muyezo. Kukulako kunali kutaoneka kale poyeza, koma sikunatsatiridwe mmene malamulo a kampani amanenera. Mu Malichi chaka chomwecho masitima awiri opanda okwera anawombana pafupi ndi Central usiku, poyesa masiginolo atsopano omwe pulogalamu yake ya kompyuta inali ndi cholakwika. Ndipo mu Disembala 2021 ku Causeway Bay, chitsulo cha chikwangwani cha malonda cha m'mbali mwa njanji chinasuntha n'kukola sitima, zitseko ziwiri n'kuthothoka anthu ali m'kati. Chinthu choikidwa kuti chibweretse ndalama chinaimitsa njanji nthawi yoweruka.

Nkhani yaikulu ya pano ndi ya mu 2018, pomanga mapulatifomu atsopano a Shatin to Central Link. Njanji imeneyi inalipiridwa ndi boma, MTR n'kulembedwa kuti iyang'anire ntchito. Pomanga pansi pa nthaka amayamba ndi makoma, ndipo m'makomamo amasiyamo timapaipi tachitsulo ta mazinga. Pothira silabu ya pulatifomu, chitsulo chilichonse cha mazinga kumapeto chimapotokoleredwa m'kapaipi kake mpaka chilowe mokwanira. Kapaipi kakapindika kapena kulowa simenti, kukakonza kumadya nthawi. Zinaululika kuti zitsulo zina zinadulidwa mazinga kuti zioneke ngati zalowa. Konkire akathiridwa palibenso angaone, n'chifukwa chake woyang'anira amayenera kuona ndi kusayina fomu asanathire. Koma mafomu ambiri sanapezeke. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza wopuma Michael Hartmann inamaliza ntchito mu 2020. Inati siteshoniyo ndi yotetezeka, koma inadzudzula kayang'aniridwe ka MTR, ka kontrakitala wamkulu Leighton, ndi ka boma lomwe. Boma ndi mwini masheya wamkulu, ndi kasitomala, ndiponso ndi woyang'anira malamulo. Maudindo atatu pa munthu mmodzi amafewetsa dzanja.

Chilango chilipo. Kuchedwa kwa mphindi 8 kuyenera kunenedwa ku boma, ndipo kuyambira 2013 kuchedwa kwa mphindi 31 kapena kuposa, kolakwa kampani, kumabweretsa chindapusa choyambira HK$1 miliyoni chomwe chimabwezedwa kwa okwera. Malire a chindapusa cha ngozi imodzi anakwera kuchoka pa HK$15 miliyoni kufika pa 25, kenaka 40 mu 2023. Poyerekeza ndi phindu la mabiliyoni n'zochepa. Chomwe chimaluma kwambiri ndi manyazi ndi kuchotsedwa kwa mabwana, monga zinachitikira akuluakulu angapo a ntchito ya Hung Hom mu 2018.

Loweruka, Lo Wu

East Rail imathera pa malire a Shenzhen, ndipo tikiti yofika ku Lo Wu imadula kwambiri kuposa yotsikira ku Sheung Shui, siteshoni imodzi yokha m'mbuyo. Owoloka malire akhala akuthandiza kuchepetsa mtengo wa oyenda m'kati kuyambira nthawi ya KCR. Mu 2020 malire atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndalama zimenezi zinauma pamodzi ndi lendi ya masitolo a m'masiteshoni a m'malire, ndipo MTR inaluza HK$4.8 biliyoni, koyamba chilowereni pa msika wa masheya. Sitima za mumzinda zinapitiriza kuyenda, poti anamwino ndi osesa m'misewu ankafunikabe kufika ku ntchito.

Lamulungu, Singapore, North-South Line

SMRT, kampani yoyendetsa sitima ku Singapore, nayo inalowa pa msika wa masheya mu 2000, ndipo m'zaka zotsatira inakulitsa kwambiri ndalama za masitolo ndi zotsatsa malonda m'masiteshoni, motsogozedwa ndi Saw Phaik Hwa, yemwe anachokera ku bizinesi ya masitolo. Pa njanji ino magetsi sayenda pamwamba. Pali njanji yachitatu m'mbali ya mavolti 750, ndipo sitima imatapa magetsi ndi timapazi tachitsulo tokhula pa njanjiyo. Pa 15 ndi 17 Disembala 2011 zogwirira njanji yachitatuyo zinasololoka, njanjiyo inatsika, ndipo masitima odutsapo anathyoka timapazi n'kuima mu mdima. M'sitima ina wokwera anaswa windo ndi chozimira moto kuti mpweya ulowe. Anthu oposa 200,000 anakhudzidwa. Mkulu uja anatula pansi udindo mu Januwale 2012, komiti yofufuza inapeza kuti kasamalidwe ka njanji kanali koperewera, ndipo kampani inalipitsidwa S$2 miliyoni.

Boma linasintha maziko enieni. Mu 2016 bungwe la Land Transport Authority linagula masitima, masiginolo ndi zida zina kwa SMRT pa mtengo wa pafupifupi S$1 biliyoni, kotero kuti funso loti tigule liti masitima atsopano silidikiranso phindu la kampani. SMRT inatsala ndi laisensi ya zaka 15 yoyendetsa ndi kusamalira, phindu lake n'kuikidwa malire, ndipo chaka chomwecho Temasek, kampani ya boma yosunga chuma, inagula masheya otsala n'kuichotsa pa msika. Mitanda yamatabwa inasinthidwa ndi yakonkire, njanji yachitatu ndi masiginolo zinasinthidwanso. Muyezo womwe amagwiritsa ntchito ndi wa mtunda umene masitima amayenda pasanachitike kuchedwa koposa mphindi zisanu: mu 2015 unali makilomita 133,000, mu 2019 unapitirira 1 miliyoni. Ndalama zake zinachokera ku msonkho, ndipo boma limanena poyera kuti matikiti sakwanira kuyendetsa njanji.

Lolemba, Bishan ndi Clementi

Kuchoka pa msika wa masheya sikunathetse zonse. Pa 7 Okutobala 2017 mvula yamphamvu inadzadza njira ya pansi pafupi ndi Bishan, chifukwa mapampu a m'dzenje lotolera madzi sanadzuke. Mafomu ankasonyeza kuti mapampuwo ankayenderedwa, koma zinadziwika kuti ena anasayinidwa ntchito isanagwiridwe. Sitima zinaima maola pafupifupi 20. Kuyesa pampu yotere n'kophweka: kukweza kachoyandama ndi dzanja n'kumva ngati mota yalira. Koma pamafunika munthu wina, wosakhala wa gulu lomwelo, wotsika m'dzenjemo nthawi zina kukatsimikiza.

Pakati pa Clementi ndi Dover njanji imayenda pamwamba pa mizati, ndipo m'sitima mumaona bwino mitanda ndi njanji yachitatu m'mbali. Pa 25 Seputembala 2024 sitima yakale yomwe inkabwezedwa ku depoti inagwetsa bokosi la ekiselo (chitsulo chogwira ekiselo ya mawilo) pamalo amenewa, mawilo ena n'kuchoka mu njanji, ndipo inakokeka ikuswa njanji, makina a mphambano ndi njanji yachitatu. Pakati pa Jurong East ndi Buona Vista sipanayende sitima masiku 6. Ofufuza anati mwina girizi wa m'bokosimo anali atawonongeka, zitsulo n'kutentha. Lamulo linali loti sitima zotere ziziphwasulidwa n'kukonzedwa zikayenda makilomita 500,000, koma mpatawo unatalikitsidwa podikira masitima atsopano omwe anachedwa kufika. Sitima imene inagwetsa bokosiyo inali itayenda makilomita 690,000 chikonzereni.